Miyezi inayi kwa katswiri wa za maganizo a ana ku Tete: zimene tinalipira ndi zimene tinapeza

Ndemanga iyi ndikulemba monga bambo amene anapisa m'thumba mwake, amene anakwera chapa, minibasi ya kuno, pafupifupi Loweruka lililonse kuyambira mu Ogasiti mpaka kumayambiriro kwa Disembala 2023, ndiponso amene anatha maola ambiri pabenchi m'chipatala china cholipiritsa mumzinda wa Tete pamene mwana wake wamkazi wa zaka 9 anali m'kachipinda ndi katswiri wa za maganizo. Dzina la chipatalacho sinditchula, la mwanayo sinditchulanso, pakuti akukula ndipo tsiku lina adzawerenga yekha zimene bambo ake analemba. Chithandizo chimene tinalandira achipatala amachitchula m'Chipwitikizi kuti terapia cognitivo-comportamental, mwachidule TCC, ndipo owerenga za Chingerezi amachidziwa ndi dzina lakuti CBT; ndi chithandizo chophunzitsa munthu kusintha maganizo ndi zochita zake. Mulibe jekeseni, mulibe mapiritsi, ndipo n'chifukwa chake abale anga ambiri mpaka lero sakhulupirira kuti tinalipira chinthu chenicheni.

Kwathu ndi ku Angónia, chakufupi ndi Ulónguè, koma ntchito inatikhazika ku Moatize, ndipo mayi a mwanayu amaoda mbatatesi ndi nyemba kumudzi n'kumakagulitsa ku Tete. Kumapeto kwa Januwale 2022, namondwe wotchedwa Ana atafika m'chigawo chathu, mtsinje wa Revúbuè unasefukira n'kudula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, mayi ake ali tsidya linalo. Anagona masiku awiri kwa mnzawo, foni itatha moto, ife kunyumba tikungomva mphekesera za anthu okokoloka ndi madzi. Tsiku lachitatu anatulukira ali bwinobwino, akuluakulufe tinathokoza Mulungu n'kuiwala, koma mwanayo sanaiwale.

Zinayamba ngati chibwana. M'mawa uliwonse wa tsiku la sukulu m'mimba munkamupweteka, koma Loweruka ndi Lamlungu munkakhala bwino, zimene zinandichititsa kumuyesa wabodza. Anasamuka m'chipinda chimene ankagona ndi mkulu wake n'kudzayala mphasa pafupi ndi bedi lathu. Mayi ake akamanga kapulana kuti anyamuke, iye ankagwira nsonga yake osataya, ndipo akapita ankandifunsa kosalekeza kuti, "Ababa, amayi abwera?" Mitambo ikangoda, nsima ankaisiya. Mu Malichi 2023 wailesi itayamba kulengeza zimene namondwe Freddy anachita ku Quelimane ndi ku Blantyre, anakaniratu sukulu kwa milungu itatu. Kuchipatala cha boma anamuyeza malungo osawapeza, anamupatsa mankhwala a njoka zam'mimba osasintha kanthu. Atsibweni ake, amene mwa mwambo wathu mawu awo pa mwanayu ndi olemera kuposa anga, anachita kubwera kuchokera kumudzi ndi dzina la sing'anga, agogo ake anatsogolera mapemphero, mayi wina woyandikana nafe anatipatsa theka la piritsi la diazepam kuti mwana agone, ndipo ine ndinayesa kukalipa. Namwino wina wachikulire ndiye amene anatiuza mwakachetechete kuti vuto lingakhale nkhawa, ndipo lili ndi akatswiri ake.

Katswiriyo ndimutchula kuti a Dotora, monga momwe tinkawatchulira, ngakhale kuti si dokotala wolemba mankhwala. Kuno aliyense amene anamaliza yunivesite timamupatsa ulemu umenewo. Chimene chinandigwira mtima pa ulendo woyamba n'chakuti sanathamangire kutchula dzina la matenda. Anatifunsa makolofe pafupifupi ola lathunthu mwana ali panja akujambula, kenako anamuitana yekha. Anafuna kudziwa ngati pali mphunzitsi womumenya, mnyamata womuvutitsa panjira, kapena wamkulu aliyense womugwira mosayenera, ndipo anatiuza mosabisa kuti mwana amene akuopa choopsa chimene chilipodi safunika kuphunzitsidwa kulimba mtima, amafunika kutetezedwa. Anafunsanso ngati amalota za madzi osefukira mobwerezabwereza kapena kudzidzimuka ngati zikuchitikanso, chifukwa ana amene anaona zoopsa ndi maso awo ali ndi mtundu wawo wa chithandizo chomwechi, umene unayesedwa ngakhale ku Lusaka n'kupezeka wothandiza. Atamaliza ananena kuti mwana wathu ali ndi nkhawa yoopa kusiyana ndi makolo, yophatikizana ndi mantha a mvula, ndipo anatiuza kuti tikonzekere maulendo 14.

Pa ulendo wachiwiri anajambula papepala chinthu cha ngodya zitatu. Pangodya yoyamba analemba zimene mwana akuganiza, pa yachiwiri zimene thupi lake likumva, pa yachitatu zimene iye akuchita. Mayi a mwana, amene sukulu sanapite nayo patali koma zinthu amazigwira msanga kuposa ine, anayang'ana n'kunena kuti, "Amenewa ndi mafuwa." Analondola, pakuti mphika wa nkhawa umakhazikika pa miyala itatu imeneyi. Ganizo limati amayi akokoloka, thupi limayankha ngati kuti zachitikadi, mtima kugunda, kupuma kufulumira, magazi kuthamangira ku minofu ya miyendo ndi manja kukonzekera kuthawa, m'mimba n'kupotokola. Apa m'pamene ndinagwidwa manyazi, chifukwa ndinazindikira kuti kupweteka kwa m'mimba kumene ndinkakutcha bodza kunali kwenikweni. Fuwa lachitatu ndi kuzemba: kukana sukulu, kugwira kapulana, kufunsa funso limodzimodzi mpaka wina ayankhe.

Mfundo ya kuzembayi ndiyo mtima wa chithandizo chonse, ndipo ndikufuna kholo lililonse loganiza zopita kumeneko liimvetse lisanalipire. Mwana akalira, mayi n'kuimitsa ulendo wa kumsika, mtima wake umakhala pansi nthawi yomweyo, ndipo mpumulo umenewu ndi wokoma kwambiri moti mutu wake umaphunzira kuti chimene chapulumutsa amayi lero ndi kusapita kwawo. Mawa mantha amabwera atanenepa, chifukwa mwanayo sanapeze mpata woona kuti amayi akanapita n'kubwerera. Ifeyo, pomumvera chisoni, ndife tinkaadyetsa manthawo. Tinkamuyankha funso lake kakhumi pa ola, tinkamuimbira foni mayi ake kuti amve mawu awo, tinkazimitsa wailesi ikayamba kunena za nyengo, ndipo mayi ake anali atachepetsa maulendo a ku Tete mpaka bizinesi inatsala pang'ono kugwa. A Dotora sanatidzudzule. Anangotiuza kuti zimenezi amachita makolo achikondi kulikonse padziko, ndipo ku yunivesite ya Yale, ku America, kuli katswiri wotchedwa Eli Lebowitz amene anakonza njira yothandizira ana ankhawa pophunzitsa makolo okha kusiya zimenezi, mwana osalowa n'komwe m'chipinda.

Milungu inayi yoyambirira inali ya kuphunzira, ndipo ndivomere kuti ndinayamba kudandaula ndi ndalama zanga, chifukwa kunyumba palibe chinkasintha. Mwana anaphunzira kutchula pamene mantha ali m'thupi mwake, anaphunzira kupuma pang'onopang'ono ngati akuuzira phala lotentha, ndipo anaphunzira kuyeza kukula kwa mantha ake. A Dotora anamujambulira choyezera kutentha kwa thupi cha manambala kuyambira 0 mpaka 10, koma iye ankangotchula 10 pa chilichonse. Tsiku lina, tili m'chapa tikuwoloka Revúbuè yemweyo, ndinamufunsa kuti mantha afika pati, ndipo iye analoza mawondo ake n'kunena kuti, "Madzi ali apa." Kuyambira tsiku limenelo muyeso wathu unakhala wa madzi a mumtsinje, m'mapazi, m'mawondo, m'chiuno, pachifuwa, m'khosi, ndipo a Dotora anasiya pepala lawo n'kutengera wa mwanayo. Pa chimenechi ndimawapatsa ulemu, chifukwa si ophunzira onse amene amalola kuphunzitsidwa ndi mwana wa zaka 9.

Mbali ya maganizo inali yovutirapo. M'mapepala amene ankagwiritsa ntchito munali chithunzi cha wofufuza milandu atavala chipewa, atanyamula galasi lokulitsa zinthu, ndipo mwana ankayenera kufufuza maganizo ake monga munthu ameneyu. Mwana wanga sanamuonepo munthu wotero, ndipo atamva kuti ali ngati wapolisi anachita mantha ena atsopano. Ndinapempha kuti tisinthe fanizolo likhale bwalo la anyakwawa, limene analionapo kumudzi, kumene munthu sangonena kuti mbuzi ndi yake popanda mboni. Ganizo lakuti amayi sabwera linkaitanidwa pabwalo n'kufunsidwa kuti mboni zake ndani. Apa panali povuta, chifukwa ganizolo linali ndi mboni yamphamvu: mlatho unadukadi, ndipo anthu anafadi. A Dotora sanamuuze mwanayo kuti mantha ake ndi opanda pake. Anamuthandiza kuwerenga maulendo onse amene mayi ake anapita ku Tete n'kubwerera, poika njere ya chimanga m'mbale pa ulendo uliwonse, ndipo m'mbale ina anaika njere imodzi ya ulendo uja. Kenako anamufunsa kuti ngakhale pa ulendo umodzi uja, amayi anachita chiyani. Mwanayo anaganiza kwa nthawi n'kuyankha kuti anakagona kwa anzawo ndipo anadikira madzi aphwe. Aka kanali koyamba kuti anene yekha kuti mayi ake ndi munthu wodziwa kudzisamala.

Komabe ndikunena motsimikiza kuti kulankhula konseku kukanakhala kokha, ndalama zathu zikanapita pachabe. Chimene chinasintha mwanayo ndi makwerero. Pa ulendo wachisanu analemba pamodzi ndi a Dotora zinthu zonse zimene ankaopa, n'kuzisanja kuyambira za madzi a m'mapazi mpaka za m'khosi. Pansi penipeni panali mayi ake kupita kwa oyandikana nawo kwa mphindi zisanu iye atatsala pakhomo, ndipo pamwamba penipeni panali mayi ake kukhala ku Tete tsiku lonse mvula ikugwa, popanda foni. Lamulo linali lakuti khwerero lililonse alibwereze tsiku ndi tsiku, asathawe mantha akakwera, akhale nawo mpaka aone yekha kuti chimene amaopa sichinachitike kapena kuti watha kupirira, ndipo asakwere lina asanalizolowere limene alipo. Ifenso tinapatsidwa lamulo lathu: funso lija tiyankhe kamodzi kokha, ndipo akabwerezanso timufunse kuti iye akuganiza bwanji ndiponso dzulo zinatha bwanji. Madzulo oyamba ndinamuuza kuti, "Mwanawe, ndakuyankha kale, ndipo ndikudziwa kuti upirira," iye n'kulira ngati ndamumenya. Ndinatuluka panja kukayang'ana nkhuku zimene zinalibe vuto lililonse.

Njira imeneyi si yachilendo monga ndinkaganizira. Nditafunsa kumene inachokera, a Dotora anandiuza za Mary Cover Jones, amene mu 1924 analemba za kamnyamata kotchedwa Peter, ka zaka pafupifupi zitatu, kamene kankaopa kalulu. Mayiyu ankasendeza kaluluyo pafupi pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kamwanako kakudya chakudya chimene kankakonda, mpaka kanafika pomugwira. Joseph Wolpe, dokotala wa ku Johannesburg, anaikulitsa njirayi m'zaka za m'ma 1950, Aaron Beck ku Philadelphia anawonjezera mbali ya maganizo m'zaka za m'ma 1960, ndipo Philip Kendall wa ku yunivesite ya Temple anaikonzera ana a zaka 7 mpaka 13 m'dongosolo la maulendo 16 lotchedwa Coping Cat, limene theka lake loyamba ndi la kuphunzira ndipo theka lachiwiri ndi la kukumana ndi mantha. Ndinaseka m'mtima, chifukwa aliyense amene anaphunzitsapo ng'ombe yaing'ono kukoka ngolo ku Angónia amadziwa kuti suyamba ndi kuisenzetsa matumba khumi.

Vuto lathu linali nyengo. Tinafika pa makwerero a mvula mu Okutobala, pamene ku Tete dzuwa limaswa mtengo, kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo kumwamba kulibe ngakhale kamtambo. A Dotora anayamba ndi kumumvetseretsa phokoso la mvula ndi mabingu pafoni, motsitsa poyamba, kenako mokweza. Atazolowera anandipatsa ntchito imene sindidzaiiwala. Madzulo aliwonse ndinkakwera pamgolo kuseri kwa nyumba ndi ndowa ya madzi ndi chitini chobowola, n'kumawaza madzi pamalata a chipinda cha ana, mwanayo ali m'kati yekha, mayi ake atapita dala kumpopi. Ana a oyandikana nawo ankasonkhana kudzaonera bambo wamkulu akuthirira denga, ndipo mkulu wina anandifunsa mwaulemu ngati ndi chizimba chimene andipatsa. Tsiku loyamba mwanayo anakuwa kuti madzi afika pachifuwa. Tsiku lachinayi anali m'mawondo. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anatulutsa mutu pawindo n'kundiuza kuti, "Ababa, mukuthira mbali imodzi, mvula siigwa choncho." Khwerero lililonse likatha ankaponya chitsekerero cha botolo m'chitini, ndipo zikakwana khumi tinkapita awiri kukagula ayisi wa malambe.

Sizinayende myaa. Mlungu wachisanu ndi chitatu, nditaona kuti zinthu zikuyenda, ndinalola mayi ake kukagona ku Ulónguè kukaoda katundu, ulendo wa makilomita opitirira 200, tisanafike pa khwerero limenelo. Mwanayo anasanza usiku wonse, ndipo m'mawa anakana sukulu imene anali atayamba kale kupitako yekha. Kulakwa kunali kwanga. A Dotora anatibweza makwerero awiri pansi, ndipo zinatitengera milungu iwiri kubwerera pamene tinali. Kubwerera kusukulu nakonso kunatsata njira yomweyo, poyamba ine kumuperekeza mpaka pachipata n'kukhala ola limodzi, kenako mpaka nthawi yopuma, kenako tsiku lonse, ndipo mphunzitsi wake, amene ndinakamufotokozera ndekha, anasiya kumutumiza kunyumba akangonena za m'mimba.

Kodi chithandizochi chimathandiza mwana aliyense? A Dotora anandiyankha moona mtima kuti ayi, ndipo anandisonyeza kafukufuku wamkulu wa ku America amene anasindikizidwa mu 2008, wokhudza ana 488 a zaka 7 mpaka 17. Patatha milungu 12, mwa ana amene analandira CBT yokha pafupifupi 60 mwa 100 alionse anapeza bwino kwambiri, mwa amene anamwa mankhwala a sertraline okha pafupifupi 55, mwa amene analandira zonse ziwiri pafupifupi 81, ndipo mwa amene anamwa piritsi lopanda mankhwala pafupifupi 24. Izi zikutanthauza kuti mwa ana khumi, anayi sapeza bwino mokwanira ndi CBT yokha, ndipo ofufuza atawatsatira anawo kwa zaka zingapo anapeza kuti ambiri nkhawa inkawabwerera nthawi zina. Anatiuza kuti zikakanika adzatitumiza kwa dokotala wa matenda a maganizo kuti aganizire za mankhwala, koma za diazepam uja anatiletsa ndithu, ponena kuti thupi limamuzolowera ndipo mwana wogonekedwa ndi piritsi saphunzira kanthu za mantha ake. Munthu wogulitsa ntchito yake amene amakuuza yekha malire a ntchitoyo ndi wosowa, ndipo ichi chinandichititsa kuwakhulupirira kwambiri.

Tsopano ndinene zimene sizinandisangalatse, pakuti zilipo ndipo si zazing'ono. Chachikulu ndi chilankhulo. A Dotora amalankhula Chipwitikizi ndi Chinyungwe pang'ono, ndipo ngakhale mwana wanga amaphunzira m'Chipwitikizi kusukulu, mantha ake amalankhula Chichewa. Milungu yoyamba ankangoyankha kuti "sim", kutanthauza inde, pa funso lililonse, monga amachitira mwana wolemekeza wamkulu. Ndinayamba kulowa nawo kuti ndizimasulira, koma mwana sanena zonse bambo ake ali pomwepo, ndipo ndinadzigwira kangapo ndikukonza mawu ake kuti amveke abwino kuposa momwe anawanenera. Kufanana kwa Chinyungwe ndi Chichewa kunatipulumutsa pang'ono, zojambula zinapulumutsa kwina, koma ndikukhulupirira kuti maulendo awiri kapena atatu anatayika chifukwa cha zimenezi. M'chigawo chimene maboma a Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde ali odzaza ndi olankhula Chichewa, chipatala cholandira ana chiyenera kukhala ndi munthu wophunzitsidwa kumasulira ndi kusunga chinsinsi, ndipo ichi chinalibe.

Mapepala a ntchito ya kunyumba anali ojambulidwa kuchokera m'buku la ku Brazil, otuwa moti ena sankawerengeka, ndipo zitsanzo zake zinali za ana oopa chikepe cha m'nyumba zosanjikizana ndi dziwe losambiramo. A Dotora ankazisintha ndi cholembera pamaso pathu, zimene zikusonyeza luso lawo, koma zikusonyezanso kuti chipatala sichinaikepo mtima kukonza zipangizo za ana a kuno. Kawiri konse tinafika n'kuuzidwa kuti a Dotora kulibe, popanda amene anatiimbira foni, ndalama ya chapa itapita kale. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi wolandira alendo, amene ankaitana mokweza m'chipinda chodikirira kuti mwana wa kwa dotora wa mitu alowe. Tsiku lina panali mayi wa kumpingo kwathu, ndipo Lamlungu lotsatira mayi a mwana anafunsidwa ngati n'zoona kuti mwana wayamba misala. Ndinakadandaula, anapepesa n'kusintha, koma mawu anali atatuluka kale. Kalata yopita kusukulu sanatilembere mpaka nditaipempha katatu, ndipo titamaliza sanatipatse tsiku lobwereranso kudzaona mmene zikuyendera, ngakhale iwo eni anatiuza kuti nkhawa imatha kubwerera.

Za mtengo, ulendo uliwonse wa mphindi 50 unkatidya ndalama yofanana ndi phindu la matumba angapo a mbatatesi, kuwonjezera chapa cha anthu awiri ndi tsiku la msika limene mayi ake ankataya akafunika kubwera. Ankalandira ndalama pamanja kapena pa M-Pesa, ndipo sankalola ngongole. Ife tinakwanitsa chifukwa ndili pantchito ya malipiro a pamwezi, koma mlimi wa ku Dómuè sangakwanitse, ndipo ngakhale atakwanitsa sangayende ulendo wautali chotero mlungu uliwonse. Amene alibe ndalama asaganize kuti njira yatsekeka. Dziko lathu la Mozambique linayamba kuphunzitsa anthu othandiza odwala matenda a maganizo, otchedwa técnicos de psiquiatria, mu 1996, ndipo amapezeka m'zipatala za boma za m'maboma. Ndi bwino kukawafunsa mwachindunji ngati angamuthandize mwana ndi njira ya kukumana ndi mantha pang'onopang'ono, kusiyana ndi kungolandira mapiritsi. Palinso nambala yaulere ya 116, ya Linha Fala Criança, imene mwana kapena kholo lingaimbe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse linawerengera kuti mu 2019 ana ndi achinyamata 58 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa, choncho kholo limene likuchita manyazi lidziwe kuti gulu lake ndi lalikulu.

Kodi ndingalimbikitse wina kupita? Inde, koma ndi chenjezo. Amene akufuna kukasiya mwana kwa katswiri ngati wailesi kwa wokonza, n'kudzamutenga atachira, asawononge ndalama zake, chifukwa a Dotora anali ndi mwanayo mphindi 50 pa mlungu, ndipo maola ena onse anali athu. Pafunika kholo limene lingapirire kulira kwa mwana wake osathamangira kumupulumutsa, ndiponso osamukalipira, ndipo pafunika kuti akuluakulu onse a pakhomo agwirizane. Ife tinavutika ndi agogo, amene akabwera kudzacheza ankamulowetsa mwanayo m'bulangete mwawo n'kumatinena kuti ndife ouma mtima. Tinawatenga ulendo umodzi kukakumana ndi a Dotora, amene anawalandira mwaulemu, sananyoze mapemphero awo, koma anawapempha kuti azipemphera naye asanakwere khwerero m'malo momuchotsa pakhwereropo. Atsibweni ake sanavomereze poyera, koma dzina la sing'anga sanalitchulenso. Pofunsa za katswiri aliyense, funso limene ndikulangiza ndi lakuti kodi mwana adzayamba liti kukumana ndi zimene amaopa. Ngati yankho lili lakuti azingocheza ndi kujambula mpaka kalekale, chimenecho si chithandizo chimene ndikufotokoza pano.

Mvula yoyamba yeniyeni inagwa chakumapeto kwa Novembala, Lachinayi masana, mayi ake ali ku msika wa Kwachena ku Tete. Sitinakonze, inangofika. Ndinathamanga kuchokera kuntchito ndikuyembekeza kumupeza pansi pa bedi, koma ndinamupeza pakhonde atakhala pampando wamatabwa, manja akunjenjemera, akupuma ngati akuuzira phala. Anandiuza kuti madzi ali m'chiuno ndipo ndisaimbe foni. Tinakhala awiri osalankhula mpaka chapa chinawatsitsa mayi ake chakumadzulo, atanyowa, atasenza dengu. Mu Febuluwale wotsatira, itagwa mvula ya masiku atatu, anabwereranso pamphasa pafupi ndi bedi lathu kwa mausiku awiri, ndipo usiku wachitatu ndinamuona akuchotsa pepala la makwerero kuseri kwa chitseko kumene tinalimata, n'kupempha mkulu wake kuti asiye chitseko cha chipinda chawo chotsegula theka.